Zaka Zanga za Uzamba ndi Swala Zochedwa

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pa tsiku limene ndinavala yunifolomu, chifukwa kuchokera pamenepo ndinakhala ndikulimbana ndi chinthu chimodzi chimene sindinakufotokozereni bwinobwino: kupeza mpata woswali pa ntchito imene mwini nthawi ndi wodwala.

Balaka, 1969

Ndinayamba uzamba ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, pa kachipatala ka amishoni kunja pang'ono kwa Balaka. Masiku amenewo mtsikana wa Chisilamu wovala zoyera za unamwino anthu ankachita kumutembenukira. Kwathu ku Rivirivi ambiri ankati ndatayika, akandibatiza basi. Amayi anga, Abiti Ndala, sanakangane ndi munthu pa nkhaniyo. Bambo anali atamwalira kale, choncho mawu omaliza anali awo. Tsiku londiperekeza ku basi anangondifunsa ngati kumene ndikupitako madzi aliko. Nditati aliko, anati, "Basi, uzikaswali."

Kunena n'kosavuta. Subuhi ya m'bandakucha inalibe vuto, ndinkaswali m'chipinda chogona anzanga asanadzuke. Vuto linali Zuhuri ya masana ndi Asiri ya chakumadzulo. Munthu suima pamaso pa Mulungu ndi chovala cha magazi, pomwe ntchito ya mzamba ndi magazi kuyambira m'mawa. Kuti ndiswali ndinkayenera kuvula yunifolomu, kuvala diresi loyera ndi mpango, kenako kuchita wuzu: kutsuka manja, m'kamwa, m'mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi kumutu ndi kusamba mapazi. Nsapato uvule, masokosi uvule. Zonsezi pa chipatala choti amayi odikira sikelo afola mpaka pansi pa mtengo. Mwezi woyamba ndinkangounjika swala za masana n'kudzazibweza madzulo, mtima ukundiluma ngati ndaba kanthu.

Kenako ndinapeza kachipinda kosungiramo zofunda za odwala. Kunali kampata kuseri kwa mashelefu kokwana munthu mmodzi wogwada. Ndinkazemba ngati ndikukatenga nsalu. Mkulu wathu anali Sisitere Agnesi, mayi wamtali, wosaseka wamba, woyenda mopanda mgugu. Tsiku lina nditamaliza Zuhuri, potembenuka ndinawapeza ataima pakhomo, manja kumbuyo. Anali atandidikira mpaka kumaliza.

"Anamwino, mayi wa pa bedi lachitatu ali ndi ndani?"

"Ndamusiyira mnzanga, a Sisitere."

"Mwamuuza mnzanuyo kuti muli muno?"

"Iyayi."

"Cholakwa chanu ndi chimenecho. Ine ndikamapita ku tchalitchi masana, aliyense amadziwa kumene ndili. Mzamba sabisala. Kuyambira lero muzinena kuti mwapita kukapemphera, ndipo chitseko muzichisiya chotsegula pang'ono."

Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti nanga ndikaitanidwa ndili pakati pa swala ndizitani. Anayankha kuti, "Za kwanuzo sindizidziwa, mukafunse akuluakulu anu. Zimene ndikudziwa ine ndi za magazi. Sadikira munthu."

Nditapita kumudzi, amayi anandiperekeza kwa mwalimu wa pa mzikiti wathu, bambo wokalamba wosaona bwino. Ndinakhala panja pa mkeka, iwo pakhonde. Anati moyo wa munthu ukakhala pangozi, swala uidule, ukapulumutse munthuyo, kenako udzayambirenso. Pobwerera amayi anaima titafika pa mtsinje. Pamenepo anati, "Wamva zimene anena. Koma usazolowere. Mpata ukapezeka, usamaname kuti palibe."

Ndinagwira pamenepo zaka zisanu. M'zaka zimenezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, Che Twaibu, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo kufupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo Halima anabadwa. Sisitere Agnesi sanandiyamikirepo pa chilichonse, koma tsiku lotsanzikana anandipatsa pulo yatsopano yoyala pa bedi la ochira. Anati ku boma ndikapeza zong'ambika. Sananame.

Nsanama, 1974

Nditalowa ntchito ya boma ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kuseri kwa Nsanama, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa msika. Zipinda zinali zitatu, mabedi a amayi anayi, mjigo umodzi kuseri. Bambo anu anaika makina awo osokera pakhonde la nyumba ya boma imene anatipatsa, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa makina opalasa ndi phazi, ndimaona khonde limenelo.

Mkulu wa pamalopo anali Bambo Namakhwa. Sanali dokotala weniweni, anali wothandizira, koma dera lonse linkawatcha adokotala. Makolo awo anachokera ku Mozambique, iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo ankalankhula Chiyao chothyokathyoka chimene amayi a kumeneko ankafa nacho kuseka. Wachitatu wathu anali Mayi Esitere, amene ankakolopa, kuchapa ndi kuphitsa zipangizo. Sanaphunzire za uzamba, koma anali ndi mtima wosanjenjemera.

Tsiku lachiwiri Bambo Namakhwa anandipeza ndikusuzumira m'chipinda chosungiramo katundu. "Abiti, mukufuna malo oswalira? Mmenemo muli makoswe akuluakulu ngati amphaka. Bwerani kuno." Ananditengera pa kakhonde ka kuseri, koyang'anana ndi mjigo. Loweruka lomwelo anabwera ndi bango ndi luzi, n'kumanga mpanda ndi manja awo. Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka, ankayang'ana wotchi n'kufuula ali m'chipinda chawo, "Abiti, nthawi yanu ija! Thamangani, mzere ndiugwirizira." Nthawi zina ndinkathamangadi. Nthawi zambiri ndinkayankha kuti ndili ndi mutu wa mwana m'manja, iwo n'kuseka kuti Mulungu akuona yekha.

Amayi a kumeneko ambiri anali Asilamu ndipo ankaopa chipatala. Ankati kumeneko amuna amakuvula, ukafa sakusamala monga mwa chipembedzo. Ankachirira kunyumba, ndipo amene ankatipeza anali oti zavuta kale. Sindinawakope ndi maphunziro anga ayi. Chimene chinawabweretsa ndi kundiona pa mjigo masana ndikusamba mapazi, mpango uli kumutu. Mayi wina wachikulire anaima ndi ndowa yake mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa m'Chiyao kuti ndine mwana wa yani. Sabata yotsatira anabwera ndi ana ake awiri oyembekezera. Chaka chisanathe mabedi anayi aja anachepa, ena ankagona pa mikeka.

Inu a masiku ano simungamvetse mmene tinkakhalira. Panali nyengo zina zimene achinyamata a chipani ankaima pa chipata cha chipatala, ndipo wopanda khadi ya chipani ankabwezedwa, ngakhale akubuula. Sitikanatha kutsutsa. Koma njira ya ku mjigo inali yosayang'aniridwa, ndipo amayi anaizindikira okha. Ankabwera ndi ndowa ngati otunga madzi, n'kulowa mu mpanda wa bango ngati odzaswali ndi anamwino, ine n'kuwalowetsa pa khomo la kuseri. Nkhani inawafika a tcheyamani a dera. Anabwera tsiku lina masana, nkhope itaumbidwa, n'kufunsa kuti misonkhano yanji ikuchitikira kuseri kwa mpanda. Ndinachita mantha, chifukwa mawu akuti msonkhano ankatha kumusowetsa munthu. Bambo Namakhwa sanasiye n'komwe kulemba. "Ndi mapemphero a amayi, a tcheyamani. Ine sindilowako, ndine mwamuna. Koma inu ngati mukufuna kukaona amayi a eni ake atavula mipango akusamba, njira ndi iyo." A tcheyamani aja analinso Msilamu, ankaswali mzere woyamba Lachisanu. Anakhosomola, n'kupempha mankhwala a mutu, n'kumapita.

Chilimwe cha 1977

Chaka chimenecho mjigo unathyoka mwezi wa Seputembala. Tinalemba makalata, chitsulo chake sichinabwere mpaka mvula yoyamba. Madzi tinkadalira odikirira odwala, amene ankatunga pa zitsime za ku dambo, kutali ndithu. Tsiku labwino tinkakhala ndi ndowa zitatu. Imodzi yophitsira zipangizo, ina ya amayi ochira, yotsalayo ya kumwa ndi china chilichonse. Magolovesi nawo anatha, otsalawo tinkawachapa ndi kuwayanika pa chingwe mpaka zala zake zinkamatana.

Madzi a wuzu ndikanawatenga pati? Chipembedzo chimalola kuti madzi akasowa umenye manja pa dothi louma loyera, upake kumaso ndi m'mikono, ndiko kuti tayamamu. Ndinachita zimenezo miyezi itatu. Ndikudziwa kuti swala yake ndi yolandiridwa, koma thupi langa silinkakhulupirira. Ukachoka pa bedi la ochira thukuta lili chuchuchu, fungo la magazi lili m'mphuno, chimene umalakalaka ndi kuzizira kwa madzi pankhope. Kuzizira kumeneko ndi kumene kunkandiuza kuti tsopano ndasiya za anthu, ndaima pamaso pa Mwini wanga.

Nyengo yomweyo amayi anabwera kudzationa, anakhala masabata atatu. Anali atayamba kuwerama. Tsiku lachiwiri anandiona ndikumenya manja pa dothi. M'mawa mwake anasowa pakhomo. Anatulukira dzuwa litakwera, atasenza kamtsuko kuchokera ku dambo, n'kukaika mu mpanda muja. "Awa ndi a wuzu wako. Munthu asawakhudze."

Isanakwane Zuhuri kunabwera mayi wochira panjira, iye ndi mwana yemwe ali mchenga wokhawokha. Ndowa zinali zitauma. Ndinaima pakhomo la mpanda ndikuyang'ana kamtsuko kaja, kenako ndinakanyamula. Amayi anali pakhonde la nyumba akupeta mpunga, ndipo anandiona ndikudutsa nako. Madzulo ine manyazi anali tho. Kutacha anapita ku dambo kawiri. Anabweretsa mitsuko iwiri, n'kuiika pamodzi. "Uwu ndi wa odwala ako, popeza ndaona kuti ndi akuba. Uwu ndi wako." Anachita choncho masiku onse amene anakhala nafe, ndipo ngakhale Bambo Namakhwa anawachonderera kuti apume, sanamve.

Ankakonda kukhala pakhomo la chipinda cha ochira, ngati akuwotha dzuwa, koma maso ali mkati. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, tikusenda nandolo, anati, "Ndakhala ndikukuona mmene umawagwirira anthu. Umawafunditsa kaye usanawavule. Manja akowa amadziwa kugwira munthu osamuchititsa manyazi." Ndinasangalala, chifukwa amayi sanali munthu woyamikira. Kenako anapitiriza, maso ali pa lichero. "Tsiku langa likadzafika, udzandisambitse ndiwe."

"Amayi, musayankhule zotero."

"Ndayankhula kale. Wavomera?"

"Ndavomera, amayi."

Febuluwale 1979

Linali Lachitatu. Mvula inali itagwa masiku anayi osakata, ndipo kamlatho ka pa msewu wathu kanakokoloka, moti galimoto zinkathera tsidya lina, anthu n'kumaoloka wapansi madzi ali m'chiuno. Ambulansi sikanatha kutifika. Bambo Namakhwa anali ataitanidwa ku boma ku msonkhano wokonzekera ulendo wa akuluakulu odzayendera mbewu, ndipo msonkhano wotero sunkakanidwa. Ankayembekezeka kubwera Lachinayi. Pa chipatala tinalipo ine ndi Mayi Esitere.

M'mawa umenewo anandibweretsera mtsikana dzina lake Patuma, wa mimba yoyamba, wamng'ono thupi. Anabwera ndi amayi ake. Nditamuyeza ndinapeza kuti mwana watsogoza miyendo, mutu uli kumtunda. Mwana wotere akhoza kubadwa bwino, koma pamafunika munthu wodziwa potembenuzira mapewa ndi potulutsira mutu, apo ayi amatsamwa mayi akuona. Masiku abwino ndikanamutumiza ku chipatala chachikulu. Tsiku limenelo panalibe kotumiza.

Cha m'ma teni koloko ndinamva bambo anu akundiitana panja, mawu awo ali achilendo. Nditatuluka ndinapeza mchimwene wanga wamkulu, Che Amidu, ataima pa mvula, buluku lili matope mpaka m'chiuno. Ananyamuka ku Rivirivi dzulo lake n'kugona ku Liwonde.

"Achemwali, valani tizipita. Amayi sakudya kuyambira Lamlungu. Chifuwa chawatseka. Akungotchula dzina lanu."

"Mwapita nawo kuchipatala?"

"Anakana. Akuti iwo akudikira inu. Tsidyalo pali lole ikubwerera ku Liwonde masana ano. Tikaiphonya, ndi mawa."

Ndinathamangira kunyumba. Ndinavula yunifolomu, ndinamanga zitenje ziwiri ndi sopo m'kathumba, ndinavala nsapato za ulendo. Zonsezi ndinachita osaganiza. Bambo anu anaima pafupi ndi makina awo akundiyang'ana. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mtsikana uja?" Anati, "Mayi a Halima, pamenepa ine sindikuuzani chochita. Chimene musankhe, ana ndiwasamala."

Ndinalowa m'chipinda cha ochira kuti ndimulangize Mayi Esitere. Ndinayamba kumufotokozera kuti miyendo ikatuluka asakoke, adikire, agwire chonchi. Ankagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawu anga akungodutsa. Komabe anati, "Pitani, anamwino. Mayi ndi mmodzi. Ife tiyesetsa." Patuma anali atatembenukira kukhoma, akuluma chitenje. Amayi ake anali pansi pafupi ndi bedi. Anayang'ana nsapato zanga, anayang'ana kathumba, kenako anafunsa motsitsa mawu m'Chiyao kuti, "Nanga ife?"

Ndinatuluka panja, kathumba kadakali m'manja. Che Amidu anali atayamba kale kuyenda, ndinachita kuwaitana.

"Achimwene, tsogolani. Mukawauze amayi kuti ndili ndi wodwala woti ndikamusiya afa, mwina awiri. Adokotala akangofika mawa, ndinyamuka."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Mwana wa eni ake?"

"Palibe wina woti amuthandize."

"Nanga amayi ali ndi wina? Anakusenzerani madzi pano ndi msana wawo wothyoka uja. Mawa ndi la Mulungu, achemwali, si lanu." Bambo anu anawapempha kuti amwe kaye tiyi, anakana. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa munda wa chimanga. Kenako ndinabwerera kunyumba, ndinavalanso yunifolomu ija idakali yofunda.

Mwana anabadwa cha m'ma fili koloko, wamwamuna. Mutu unavuta monga ndinkaopera, ndipo anatuluka ali lende, wosalira. Ndinamupukuta, ndinamuyamwa m'mphuno, ndinamuuzira mpweya mpaka ndinamva kachifuwa kakugunda pansi pa zala zanga. Atalira, Mayi Esitere anayamba kululutira, koma nthungululu inathera pakamwa, chifukwa Patuma anayamba kutaya magazi. Anadzaza pulo mpaka kudontha pansi. Ndinam'baya jakisoni womaliza amene tinali naye wotseka magazi, ndinamuika diripi, ndinakanikiza chiberekero ndi manja onse awiri osasiya, mikono mpaka kuchita dzanzi. Amayi ake ankatchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Magazi anadzaleka dzuwa likulowa.

Zuhuri inali itadutsa, Asiri itadutsa. Ndinapita pa mjigo, ndinadzitsuka magazi mpaka m'mapewa, ndinasintha zovala, ndinachita wuzu. Mu mpanda muja ndinaswali Magaribi ya dzuwa litalowa pamodzi ndi ziwiri zodutsazo. Pomaliza ndinakweza manja kuti ndipemphe, koma ndinangopeza mawu amodzi okha: mundisungire amayi mpaka mawa.

Rivirivi, tsiku lotsatira

Bambo Namakhwa anafika Lachinayi dzuwa litakwera, nsapato zili m'manja. Atamva nkhani sanalowe n'komwe m'nyumba mwawo. "Abiti, mukuchitanso chiyani pano? Thamangani!" Ndinaoloka mtsinje uja atandigwira mkono amuna awiri. Ndinadikira lole. Ku Liwonde ndinadikira basi. Nditatsika basi ndinayenda wapansi, pena kuthamanga, pena kuterereka m'matope.

Ndinafika pa njira yolowera kumudzi kwathu nthawi ya Asiri itapitirira. Kutsogolo kwanga ndinaona amuna ambiri akutuluka m'kanjira ka ku manda, zisoti zoyera kumutu, makasu pa mapewa. Anayi ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, ndipo mmene ankachigwirira ndi dzanja limodzilimodzi ndinadziwa kuti mulibe kanthu. Ndinakhala pansi pomwepo pamsewu. Che Amidu anali m'gululo. Anandiona, n'kudutsa.

Amayi anatisiya m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Monga mwa chipembedzo chathu maliro sagonetsedwa, ndipo ndi mvula imeneyo panalibe wodziwa ngati ndifika. Sindinawaimbe mlandu, ngakhale pang'ono. Anawasambitsa ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono Che Lukiya, pamodzi ndi amayi awiri a pa mzikiti. Amayi aang'onowo ndi amene anadzandidzutsa pamsewu n'kundilowetsa m'nyumba. Ndinawapempha kuti andionetse chipinda chimene anawasambitsira. Dothi la pansi linali likadali lonyowa, fungo la sopo lili m'chipinda monse. Ndinakhala pamenepo, iwo n'kukhala pambali panga.

"Anandifunsa?"

"Anakufunsa. Lachiwiri, Lachitatu m'mawa, Lachitatu masana. Aliyense wolowa pakhomo ankati ndiwe."

"Achimwene atafika, anawauza?"

"Anawauza kuti watsalira wodwala. Anatsinzina, tinkayesa agona. Kenako anafunsa kuti, 'Wachira?' Amidu anati sakudziwa, wasiya asanachire. Basi. Sanayankhulenso."

"Ndiye kuti anandikhululukira?"

Amayi aang'ono anandigwira dzanja. "Mwanangu, sananene kuti akhululuka, sananene kuti akwiya. Usandikakamize kuwonjezera mawu pakamwa pa munthu amene wagona. Ndakuuza zimene ndinamva."

Akazi kwathu sitilowa kumanda. Kutacha ndinakaima pamene kanjira kamapatukira, ndikuyang'ana mitengo. Sindinkadziwa ngakhale mbali imene anawaika. Ndinayankhula chapansipansi kuti wachira, amayi, mwana wamwamuna, onse ali moyo. Ndikudziwa zimene ashehe amaphunzitsa, kuti womwalira umamupempherera, sucheza naye. Koma funso lawo linali lisanayankhidwe.

Che Amidu anakhala zaka ziwiri osandilankhula. Tinadzayanjana pa ukwati wa mwana wawo, ndipo nkhani imeneyi sitinaitchulepo mpaka iwo kumwalira. Patuma anachira bwino. Anabwera ndi mwana wake ku sikelo kangapo, kenako banja lawo linasamukira kwina. Sindidziwa kumene ali, sindidziwa ngati mwana uja anakula. Ku Nsanama ndinakhalako zaka zina zisanu ndi chimodzi. Bambo Namakhwa anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, ndipo amene anabwera m'malo mwawo anagwetsa mpanda uja kuti ukusunga udzudzu. Sindinakangane naye. Posakhalitsa nane anandisamutsira ku Balaka, kumene ndinagwira mpaka kupuma.

Balaka, lero

Tsopano mpopi uli pakhomo, mzikiti uli pafupi moti azana yoitanira anthu ku swala ndimaimva ndili pa mkeka wanga kale. Papita zaka zambiri ndisanachedwe ndi swala ngakhale imodzi. Ndinkaganiza kuti ndikadzafika pamenepa mtima udzakhala m'malo. Koma ndikuuzeni zoona: swala zimene ndimazilakalaka ndi za mu mpanda wa bango zija, zothamanga, khutu limodzi lili ku chipinda cha ochira, Bambo Namakhwa akuseketsa amayi pa mzere ndi Chiyao chawo chija. Onse amenewo anapita, bambo anu nawonso.

Kuyambira pamene ndinapuma, amayi a pa mzikiti wathu akamwalira amaitana ine kukasambitsa. Sindinakanepo. Ndasambitsa amayi a anthu ambiri, ena ana awo ali pomwepo akuthira madzi, ena ana awo ali kutali. Anthu amati ndimagwira mofatsa. Sadziwa kuti ndikafika pa mapewa ndi pa tsitsi la imvi ndimachedwa dala.

Mukandifunsa ngati ndinalakwa tsiku lija, ndiyankha kuti iyayi. Litabweranso ndingavulenso nsapato za ulendo. Koma kusalakwa sikutonthoza munthu, ana anga. Chimenecho palibe anandiuza.

Iwe Zainabu, chitsiriza changa, unatsata ntchito yanga ndipo uli kutali, pa chipatala choti nawenso nthawi zambiri umakhala wekha. Ndinatenga cholembera ichi ndi cholinga choti ndikumasule. Ndimafuna ndilembe kuti tsiku langa likadzafika iwe uli ndi wodwala m'manja, usadzathamange, akulu ako adzandisambitsa, ndipo ndakukhululukira lero lomwe kuti usadzavutike kufunsa anthu. Zimenezo ndalemba, ndipo ndi zoona, uzisunge.

Koma ngati pa bedi padzakhale palibe munthu, mwanangu, usadzadikire kuti kuche. Udzabwere.